Makadi Awiri ndi Maliro Osaika

Lolemba, 15 Okutobala

Ndagula! Makadi awiri oonera mzinda, yanga ndi ya Azakhali. Masiku atatu, kulowa paliponse osaima pamzere. Mtsikana wa pakauntala akuti ndasankha mwanzeru. Ndikudziwa, mwanawe. Sikolashipu sapatsa zitsiru.

Ndalama yake ndi chakudya changa cha milungu iwiri. Zilibe kanthu, iyi ndi nkhondo.

Azakhali, achemwali awo a Bambo, akutera mawa kuchokera ku Manchester komwe akhala akulera chidzukulu. Akuti akubwera kudzandiona. Bodza! Atumidwa. Ine ndikufuna kupitiriza mpaka PhD ya kasungidwe ka zinthu zakale. Bambo akuti masitazi ikangotha ndiyambe unamwino ngati ana a anzawo. Mawu awo pafoni: "Ndege yonse ija, kukaphunzira mapale?" Kwathu Bambo ndiwo amagamula, koma chigamulocho chimaphikidwa m'kamwa mwa Azakhali.

Nzeru yanga ndi iyi: aone ndi maso awo kuti kuno anthu amalipira yuro yeniyeni kuti aone zakale. Pomwe anthu akulipira, ntchito ilipo. Kumiyuziyamu ya boma, yolowa ulere ija, sindiwatengerako ng'o. Azakhali chaulere amachiona ngati nyama yofa yokha.

Tiyamba Lachitatu, timaliza Lachisanu. Mapu ndajambula ndi inki ya mitundu itatu. Dublin, konzeka.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Kueyapoti. Azakhali atulukira ndi masutikesi awiri, imodzi yopanda kanthu. Ndikanachenjera pomwepo.

Kabuku ka makadi kakuti basi yochokera kueyapoti kupita m'tauni eni makadi salipira. Ine ndimakhala ku Santry, pakhomo penipeni pa eyapoti, moti ndege ikamatera ndimaiwerenga matayala. Basi wamba ikanatitula m'mphindi khumi. Koma mpata wodzionetsera undipitirire? Ndikusolola makadi ngati nduna. Dalaivala akuwagunditsa pakamakina, kakuti tii! Ulendo mpaka m'tauni, kenako basi ina kubwerera ku Santry. Maola awiri, masutikesi pamiyendo.

Azakhali pawindo, akuona makireni omangira nyumba ali ngundangunda kumwamba: "Kodi mzindawu sanamalize kumanga?" Sanamalize, Azakhali. Kuno ngakhale wometa tsitsi ali ndi fulati yachiwiri ku Bulgaria.

Kunyumba ndikuwerenga timalemba ta kumapeto kwa kabuku. Masiku atatu amayamba kadi ikangolira koyamba. Tii uja! Ndiye kuti lero ndi tsiku loyamba, ndipo lathera pabasi. Ine amene, wowerenga makalata ofufutika a atsamunda popanda magalasi!

Kwatsala masiku awiri. Tithamanga.

Lachitatu, 17 Okutobala

9 koloko takonzeka. Nsapato, maambulera, mapu. Belu la pakhomo.

Ndinaiwala lamulo loposa malamulo onse a dziko lino: wamkulu wakumudzi akafika, amalonjeredwa. Wawauza ndani? Palibe akuvomera. Oyamba ndi amake Tadala a ku Coolock, ogwira ntchito yosamalira okalamba, atasenza nkhuku yokazinga m'bakuli. Pambuyo pawo amayi atatu a kutchalitchi. Kenako bambo wina wa ku Chipata yemwe akuti malire anajambula ndi Azungu, ife ndife amodzi, tiyi alipo?

Fulati yanga ya munthu mmodzi ndi theka yasanduka depoti ya ku Lilongwe.

Aliyense: "Kaya kumudzi?" Azakhali anachoka kumudzi mu Epulo, koma akufotokoza za mitengo ya feteleza ngati angotsika minibasi. Mlendo akatsazika, woperekeza ndine. Ndapita pasiteji kasanu. Ndiko kuona mzinda kwa lero.

Ndikuwanong'oneza kuti kadi ikutha. Iwo mokweza: "Anthu abwera kudzandiona, iwe ukuti ndikaone miyala?"

Amake Tadala abwera pagalimoto yawoyawo. Akumanga nyumba ku Area 49, ndipo zithunzi za maziko zazungulira chipinda chonse kawiri. Kenako kwa ine, mawu otsekemera ngati nzimbe yofumbwa: "Sukulu ija mukadali nayobe, asisi?" Azakhali angoyang'ana makiyi a galimoto aja, n'kuyang'ana mapu anga a inki itatu.

Lachinayi, 18 Okutobala

Tsiku lomaliza la kadi. Ndikuwawerengera malo kuti asankhe okha, mwa demokalase.

1. Fakitale ya mowa wakuda. Azakhali ndi mlembi wa amayi kutchalitchi. Andiyang'ana mpaka ndameza malovu.
2. Kophikira kachasu wa Azungu. "Dziko lino lilibe china?"
3. Ndende yakale. "Ndikwere ndege kudzalowa m'ndende? Mwakufuna kwanga? N'kulipiranso?"
4. Kosungira nyama zakutchire. Anakulira ku Liwonde, komwe mvuu zinkawathera chimanga. "Ndikapereke moni kwa adani?"
5. Tchalitchi chakalekale. Apa maso awala, mpaka atamva kuti ena amalipira pakhomo. "Chopereka chimabwera ulaliki utatha."

Demokalase yagwa. Ndipo chinsinsi cha sutikesi yopanda kanthu chaululika: m'kathumba kake muli mndandanda wa zofuna za mtundu wonse. Tikupita ku Blanchardstown, kumashopu.

Nsalu za pabedi. Nsapato za Bambo. Ketulo. Wotchi ya abusa. Anthu a kuno akugula ngati mawa kubwera chigumula, zikwama m'manja monse, nkhope zosakondwa n'komwe. Azakhali pamasitepe oyenda okha, akwera n'kutsika katatu: "Eee! Izi ndiye zoti munthu n'kuona." Zaka zikwizikwi za mbiri zagonja kwa masitepe.

5 koloko yandipeza pakhomo la kachipinda koyesera zovala, nditakolekedwa mabulawuzi asanu ndi awiri. Makadi afera m'thumba mwanga osaliranso n'komwe. Ause mumtendere.

Lachisanu, 19 Okutobala

Funso la sayansi: kodi kadi yoonera mzinda ndi yoyenera kugula paulendo waufupi? Yankho la katswiri: inde, ngati ulibe mtundu, palibe Mmalawi akudziwa komwe ukugona, umamwa mowa, ndipo umakonda ndende.

Amake Tadala abweranso. Ulendo uno si nkhuku, ndi fomu yofunsira ntchito kwawoko. "Mashifiti alipo ambiri, asisi. Mapale sathawa." Azakhali aipinda bwinobwino n'kuiika m'Baibulo. Chimene chalowa m'Baibulo la Azakhali chimachitika basi. Umu ndi mmene mkulu wanga anakwatiwira.

Lamlungu Azakhali akuimbira Bambo. Ndatha ine.

Kwatsala nyama yofa yokha ija. Mawa.

Loweruka, 20 Okutobala

Mvula. Miyuziyamu ya boma. Pakhomo ndikuonetsa makadi akufa aja mwachangu, kuti Azakhali aziyesa talipira. Mlonda, bambo wokoma mtima mopitirira muyeso, akulengeza kuti nyumba yonse imve: pano salipira, ndipo sanalipitsepo munthu. Zikomo kwambiri, bwana. Azakhali angoti "Mhm." Mhm ameneyo ndikumudziwa.

Mikanda ya golide: "Yolemera khosi." Bwato lalitali losema: "Mu Shire alipo oyenda." Mapale enieni: sanaime n'komwe.

Kenako chipinda cha mdima pang'ono, momwe agonekamo anthu amene anafukulidwa m'madambo. Mitembo ya kalekale yosawola, chifukwa matope a m'madambo a kuno amasunga thupi. Khungu ngati la nsapato, tsitsi lilipo, zikhadabo zilipo. Apa ndiye pagona maphunziro anga. Ndikutsokomola, ndikuyamba kufotokoza. Kucheuka, Azakhali palibe.

Ali pansi! Atulutsa chitenje m'chikwama, amanga m'chiuno, akhala miyendo tambalale pafupi ndi galasi, monga pasiwa.

"Mwini maliro ndani pano?"

Ndikuti palibe, munthuyu anafa Yesu asanabadwe.

"Nthawi yonseyo sanamuike? Abale ake ali kuti?"

Ndikuti zikuoneka kuti anachita kuphedwa, mwinanso ndi anthu akwawo omwe.

"Ndiye alibe womulira. Khala pansi."

Ndakhala. Masitazi yanga yonse yakhala pansi pa simenti yozizira. Ayamba nyimbo ya maliro chapansipansi. Vuto la nyimbo imeneyo n'lakuti imafuna wovomera, ndipo pakamwa panga pavomera ndisanapauze. Alendo ena avula zipewa. Mayi wina wabisa kamera. Mlonda uja wabwera, waima chapatali ataweramitsa mutu.

Ndime yachitatu ndikupeza kuti ndikuyang'ana zala za munthuyu. Ndamulembapo masamba makumi awiri, koma sindinadzifunsepo ngati anali ndi azakhali.

Ola lathunthu, poti pamaliro sachoka msanga. Potuluka aponya kenakake m'bokosi la zopereka la pakhomo. Chipepeso, akutero. Kenako kukasamba m'manja tisanakwere basi. Mwambo ndi mwambo.

Lamlungu, 21 Okutobala

Titaweruka kutchalitchi, foni. Ndathawira kukhitchini mwaulemu, koma fulati ino khitchini ndi pabalaza n'zolekana ndi mpando umodzi.

"Achimwene, mwanayu msiyeni aphunzire. Kuno ndalama zilipo, nyumba akumanga mpaka kumitambo, koma maliro saika. Angowagoneka m'magalasi, opanda wogona pasiwa, anthu n'kumawajambula. Pakufunika munthu woleredwa bwino woti aziwayang'anira."

Bambo avomera. Mphindi zitatu zokha! Fomu ya amake Tadala yatuluka m'Baibulo. Pamalo pake palowa kadi imodzi, yosungira tsamba m'Masalimo. Aka n'koyamba kugwira ntchito chiyambire pabasi paja.

Ndapambana, eti? Kungoti tisanafike n'komwe kueyapoti, pabasi wamba ulendo uno, mauthenga ayamba kugwa pafoni. Mtundu wonse wamva kuti ndikuchita udokotala wa kumotchale. Msuweni wanga akufunsa ngati ndimalota zoopsa. Amalume akuti ndisamagwire chakudya chawo ndikadzabwera.

Sinditsutsa. Mapale ankawaseka, maliro amawaopa.

Pachipata, masutikesi onse awiri ali tho, Azakhali andigwira dzanja: "Loweruka lililonse uzikamuona mnzako uja. Usamangomulemba m'mabuku."

Ndavomera. Ndizipita. Kulowa n'kwaulere.