Phiri la Kwao kwa Ameliya

Amene akuti ndimanama anyamuke pompano, njinga yake ili apo, chifukwa sindifuna munthu wondiseka ndili pakati pa nkhani ya malemu mkazi wanga. Inu a Juliyasi, ndakuonani mukupotoza pakamwa. Khalani pansi mumve.

Chaka chimene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi Ameliya tinangofika pa Entre Lagos pano miyendo yake n'kukana. Chifuwa chinali chitamudya. Kwao ndi kuseri kwa nyanja ya Chiuta, patsinde pa phiri, ndipo ankadziwa yekha kuti sakafikako. Anandipempha chinthu chimodzi, kuti ndikalijambule phirilo mbali yoyang'ana kumudzi kwao, alione asanatseke maso. Kamera ndinali nayo, ntchitoyi ndinaiphunzira zaka zanga za ku Limbe, koma mu filimu munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha. Ndikaphonya, filimu ina kunalibe ku Mecanhelas konse kuno, ndipo mayiyo ankapepuka tsiku ndi tsiku.

Tsono unali mwezi wotentha tchire, tchire lake losapsa zaka zonse za nkhondo, anthu obwerera n'kuliyatsa pakamodzi. Utsi mumauona masiku anowu ndi wa ndudu. Uja unali wolimba moti ndikatopa ndinkatsamiritsapo njinga, akhwangwala ankayenda pansi atalephera kuuboola, tambala akalira mawu ake ankafika mawa lake, ndipo ine ndinapalasa masiku awiri ndikuutema ndi chikwanje, m'mutu muli Ameliya yekhayekha, kuti kodi wamwa phala, kodi akupumabe, mpaka phiri ndinalipeza ndi mphumi chifukwa ndinachita kuligunda. Chipsera ndi ichi. Mukumva?

Vuto linayambira pamenepo. Wojambula aliyense amadziwa kuti dzuwa liyenera kukhala kumsana kwake. Ukaloza kamera kumene kuli dzuwa, phiri limatuluka lakuda ngati kunsi kwa mphika. Ndiye dzuwa nalo linali litasochera mu utsi uja, linakodwa kuseri kwa phiri, osatuluka, osalowa. Ndinadikira tsiku lathunthu, silinasunthe. Ndinaona kuti ndikadikiranso ndikapeza anthu atasonkhana pakhomo.

Kulitsata dzuwalo kunafunika kuchoka m'njira, koma masiku amenewo munthu sankaponda pomwe mbuzi sinaponde, chifukwa cha mamina, mabomba aja okwirira pansi. Mantha anandigwira, sindibisa. Ndikaphulika apa, ndani akauze Ameliya? Ndiye ndinasema makwerero pa utsi womwewo, ndinakwera njinga ili paphewa, ndinapalasa pamwamba pa mamina onsewo, pamwamba pa mitengo, ndikumva anyani akutsokomola pansi panga, mpaka ndinalipeza dzuwa litapanikizika pakati pa matanthwe awiri, lofiira, lotopa, likupumira m'mwamba, ndinamasula malegeni pa kaliyala, ndinalimanga kuseri kwa njinga ngati dengu la nsomba za ku Amaramba, n'kuyamba kulikoka. Tsitsi langa lonse linapsa tsiku limenelo. Inu mumati ndi dazi la ukalamba, a Juliyasi? Gwirani mumve, kumatenthabe.

Ndinatsikira nalo pa bwinja la mudzi wa Ameliya, ndinalimangirira ku mlambe, kumsana kwanga ndendende. Koma utsi unali pomwepo, phiri osaoneka. Malegeni anayamba kununkha, akunyenyeka limodzilimodzi. Ndinalibe chochita china, ndinatulutsa mpweya wonse, ndinakoka utsiwo ndi mphuno, ndinakoka, ndinakoka, wa ku Chiuta unalowa, wa ku Amaramba unalowa, chifuwa chinafufuma mabatani onse n'kuthothoka, ndipo phiri linatulukira, lonse, ndi mikwingwirima ya madzi pamatanthwe, ndi mtengo wa mbawa umene Ameliya ankaunena usiku uliwonse ku Limbe. Utsi unkafuna kutulukira m'makutu. Legeni linatsala limodzi. Ndinakanikiza zigongono kunthiti, ndinaitana dzina lake mumtima, n'kudina.

Pomwepo legeni linaduka, dzuwa linauluka kukagwera kuzambwe, ndipo funsani aliyense wachikulire wa ku Chiuta, tsiku limenelo nkhuku zinalowa m'khola anthu asanadye nkhomaliro. Mukumva?

Sindinapume. Ndinadutsa pano osaima, poopa kuti ndikamuona sindichokanso, ndinawoloka malire mpaka ku Liwonde kukatsukitsa filimu, ndikutsokomola utsi njira yonse. Wotsukayo anandipatsa envulopu akuyang'ana kumbali. Sindinaitsegule. Pobwerera ndinkatchera khutu mudzi uliwonse kuti kapena ndimva nyimbo za maliro.

Ndinamupeza ali moyo, atagona pamphasa m'khonde la nyumba imene tinkaisungira eni ake. Ndinamudzutsa, ndinamutsamiritsa pachifuwa panga, anatsegula yekha envulopu ija. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pang'onopang'ono pachithunzipo. Anandionetsa pomwe panali chitsime, pomwe ankatola nkhuni, pomwe anagona agogo ake.

"Mwalijambula bwino, bambo," anatero. "Koma munda wa amayi mwaudula. Unali cha kunoku."

Ndinamulonjeza kuti ulendo wina ndidzaimira patali pang'ono. Anaseka mpaka kutsokomola. Patapita masiku anayi tinamuika pano pa Entre Lagos.

Zonse ndanenazi ndi zoona, ndikulumbira pa manda ake. Chithunzicho ndili nacho m'sutikesi, koma musandipemphe kuti ndikuonetseni. Ndi pepala lotuwa kuchokera m'mwamba mpaka pansi, pakona pali chala changa. Ndakhala ndikuchiyang'ana m'mawa uliwonse chimwalirireni mayiyo, ndi magalasi, popanda magalasi, ndipo phirilo sindinalionemo.