Nano kapena mano

Lolemba
Estere akutsegula m'mimba. Matewera onse ali pachingwe. Bambo ake ali ku Joni, foni sikugwira. Apongozi akuti ndi mano, kuchipatala nkukatani. Alamu Jemusi, mng'ono wa amuna anga, akundionetsa vidiyo pafoni. Ati azungu akupanga mankhwala a tinthu tating'ono kuposa fumbi, dzina lake nano, timayenda m'matumbo mpaka pa chilonda penipeni. Apongozi khutu limodzi silimva. Akuti: "Mwamva? Ngakhale azungu akuti mano."
Ine ndatsimikiza. Mwana wanga amwa nano.

Lachiwiri
Malindi mpaka kuboma pa kabaza, Estere kumbuyo. Ndafunsa za nano m'mashopu onse a mankhwala. Zomwe anditulutsira:
mswachi
otsukira m'kamwa
a dzino lobowoka
Mtsikana wa pakauntala akuseka mpaka kuitana mnzake. Mwana waipitsa chitenje changa cha kutchalitchi. Ambuye!

Lachitatu
Ndawapeza! Bambo wina wa pa depoti, wa chikwama chakuda. Botolo loyera ngati madzi a pa mjigo. Ndikuti bwanji sindikuonamo kanthu. Akuti: "Mayi, mukanaona kanthu akanakhala abodza." Ati amachiza m'mimba, nyamakazi, ngakhale mwamuna wosaimba foni.
Kunyumba ndafika nditanyada.

Lachinayi
Supuni ili m'manja, alamu akubwera akuthamanga. Aonera vidiyo ina. Kani nano wina amakanda matumbo nkupha tizilombo tabwino ta m'mimba. Kani tilipo tabwino! Wathuyu ndi uti? Sakudziwa, bandulo yatha. Ndikuti lawani ndinu, munabweretsa nkhaniyi. Ati akusala kudya. Munthu wa Angilikani, Lachinayi, mafuta a usipa ali pakamwa!
Ndamwetsa bakha wa apongozi kuti ndione kaye.

Lachisanu
Bakha akutsegula m'mimba pakhonde ponse. Mtima wanga phaa. Kenako ndikukumbukira kuti bakha amatero chibadwire. Ndiye ndadziwapo chiyani? Palibe.
Estere sakuyamwa bwino. Maso alowa. Liwombo lalowa. Akulira opanda misozi. Apongozi akumusisita nkhama ndi chala, ati dzino lili pafupi. Ndikuopa. Ndikuopa kwambiri.

Loweruka
Sindinatsanzike munthu. Ndathamanga kuchipatala opanda silipasi. Estere amuika diripi. Anesi akufunsa kuti masiku onsewa ndinali kuti. Ndatulutsa botolo. Alinunkhiza, alipendeketsa, andiyang'ana. Ati nano wa m'matumboyo alipodi, koma akumuyesabe, wambiri pa mbewa, sanafike pa depoti. Ndikukumbukira tsopano, mu vidiyo muja munalidi mbewa yoyera. Ine ndimayesa ndi ya kukhitchini kwawo.
Andipatsa mapaketi osungunula m'madzi, aja a mchere ndi shuga, ndi timapiritsi ta zinki. Zomwezi zinali pano Lachiwiri, pamene ine ndimakwera kabaza.

Lamulungu
Estere wayamwa. Wandiluma! Kadzino koyera katuluka pansi.
Apongozi abwera kuchokera kutchalitchi, akaona, auza wodi yonse kuti iwo ananena kale. Alamu akuti diripi ija muyenera kuti munali nano, poti simumaoneka kanthu. Bambo ake aimba foni tsopano, ati ndizimvera akuluakulu.
Ndangoti chabwino. Mwana akupuma pachifuwa panga.
Botolo lija apongozi atenga, ati la nyamakazi. Ndawasiya. Bakha ali moyo.