Kodi Esinati Abwerera?

Lolemba

Alengeza pa wailesi kuti sewero la mlakatuli Dziwani likutha Lachisanu. Mkazi wake Esinati akadali kwa makolo ake, komwe anathawira atatopa ndi kudya ndakatulo. Malemu a Nachisale, mkazi wanga, ankati sabwerera. Ine ndinkati abwerera. Anatisiya mtsutsowu usanathe.

Ndatsimikiza mtima: sabata ino ndimvera ndekha, chitseko chotseka. Sindikufuna munthu.

Madzulo ndikupeza anthu adzaza kale pakhonde. Akuti si bwino namfedwa kumakhala yekhayekha. Zoona zake n'zakuti wailesi ya a Gelevazio, osintha ndalama pa malire aja, yapsa.

Lachiwiri

Ndatseka chitseko, ndachepetsa mawu, khutu pa sipika. Amake Tereza, oyandikana nawo nyumba, ali pawindo: "Abambo, tangokwezani pang'ono, ife sitilowa." Sanalowedi. Alowetsa mutu wokha, ndipo mutuwo ukuyankha Dziwani mzere uliwonse. "Mwamuna wolembera mwezi ndakatulo, m'nyumba mulibe ndi mchere womwe."

Zimene ndamva lero:
nyimbo yoyambira,
chitseko chikumenyetsedwa, sindikudziwa ndi ndani,
amake Tereza.

Lachitatu

Ndamangirira wailesi panjinga, ndakwera kuphiri, kuseri kwa munda wanga wa mtedza. Kulibe munthu. Kulibenso Malawi. Wailesi ikungogwira za ku Mozambique, bambo wina akuwerenga zinazake m'Chipwitikizi mokondwa kwambiri. Ndikuloza waya uku ndi uku, mbuzi ya eni ikungondiyang'ana.

Pobwerera tayala laphulika. Ndikufika ndikukankha, thukuta kamukamu, ndipo apakhonde akundifunsa kuti Esinati wanena chiyani lero. Akufunsa ine!

Lachinayi

Ndanama kuti mabatire atha. A Gelevazio apisa m'thumba, atulutsa a ku Zobue, kutsidya kwa malire. "Awa ndi akunja, achimwene, satha msanga." Tsopano akuti popeza mabatire ndi awo, ali ndi ufulu wolankhula. Mlengi anatipatsa pakamwa, makutu anaiwala kugawa.

A Gelevazio ali mbali ya Dziwani. Akuti munthu waluso safunsidwa za mchere. Amake Tereza awafunsa kuti nanga akazi awo awiri aja anathawa luso lanji. Phokoso. Mabatire akunja atha sewero lili pakati.

Lachisanu

Ndapita wapansi ku Boma kukagula anga. Nthawi itayandikira ndaimirira pakhonde, ndapempha mwaulemu kuti lero lokha pakhale chete. Avomera onse. Akhaladi chete mpaka Dziwani wafika kwa apongozi ake, wagwada, wayamba kulakatula. Amake Tereza atsonya. A Gelevazio ati kutsonya ndi kulankhula komwe. Ena ati ayi, kutsonya n'kupuma. Aimirira kuti aonetsane bwino, wina wagunda tebulo, wailesi pansi, mabatire agubuduzikira kumpanda. Pomwe ndikumaliza kuwabwezera, ndi nyimbo yotsekera.

Sindinakalipe. Ndawauza kuti ayende bwino. 

Loweruka

Kuchigayo akuti Esinati wabwerera. Kumsika akuti wakwatiwa ndi woyendetsa thiraki. A Gelevazio akulumbira kuti wamwalira, amva kwa msuweni wawo amene naye wamva kwa wina. Aliyense akukamba ngati analipo.

Amake Tereza anditumizira chinangwa chophika, chopepesera. Ndadya, koma sindinawakhululukire.

Gawo lomaliza alibwereza mawa masana. Sindinakumbutse munthu.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi onse apita ku chinkhoswe kutsidya kwa mtsinje. Ndili ndekha. Ndamva gawo lonse, liwu lililonse, koyamba chiyambire seweroli. Ndakatulo za Dziwani n'zoipa zedi. Sindinkadziwa, chifukwa akangoti ayambe kulakatula, a Nachisale ankalankhula pamwamba pake mpaka amalize.

Esinati wabwerera. Ndapambana.

Ndakhala pomwepo mpaka wailesi yayamba nyimbo za kwaya. Palibe wondiuza kuti wabwerera chifukwa cha ana basi, ndisadzitame.

Akuti kuyambira mawa kuli sewero lina, la kondakitala ndi apongozi ake. Ndasesa pakhonde. Tebulo ndaligunditsa kukhoma, ndipo mpando wa a Gelevazio ndauika patali ndi mphasa ya amake Tereza.