Siteshoni Yotchajira Magalimoto pa Kachulu

Lolemba

Alamu a Fatsani abwera kuchokera ku Zomba ndi foni yodzaza mavidiyo, ndipo ine kukamwa kuli yasa. Galimoto yopanda petulo! Yopanda utsi! Akuibaya chingwe m'nthiti ngati foni, kenako ikunyamuka mwakachetechete. Ndikubwereza kuonera mpaka alamu andilanda foni.

Vidiyo ina ndi ya azungu a masuti, anthu ogula masheya m'kampani yopanga magalimotowa. Chizungu chawo ndi chothamanga, ndiye alamu akundimasulira:

– wadazi akuti phindu la kampaniyo likutsika, gulitsani masheya muthawe;
– wamagalasi akuti makampani a ku China akupanga otchipa, mpikisano wafika poopsa;
– mayi wina wofatsa akuti asiyeni alimbane, chuma chili pa malo otchajira, chifukwa galimoto iliyonse idzamva njala.

Malo otchajira! Nanga ine pano pa Kachulu ntchito yanga ndi yotani? Kutchaja! Sola ili padenga, batire lalikulu pansi pa tebulo, inveta pambali pake. Asodzi a pa chilumba cha Chisi ndi okhala m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa nyanja, akakocheza ndi matemba amandisiyira mafoni, pobwerera amawatenga odzaza. Kani nthawi yonseyi ndili m'bizinesi imodzi ndi azungu a masuti, ine osadziwa!

Lachiwiri

Msonkhano wa eni masheya, pakhonde. Mwini masheya wamkulu ndi akazi anga, amake Tadala, chifukwa sola ndi batire tinagula titagulitsa mpunga wawo wa ku Likangala. Ndikufotokoza bwinobwino: siteshoni yoyamba ya magalimoto a magetsi m'mbali yonse ya nyanja ya Chilwa. Iwo akungopeta, osadzutsa mutu.

Akuti: "Galimoto yamagetsiyo mwaiona kuti? Kuno minibasi ikafika ndi matayala onse timathokoza Mulungu." Akutinso: "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Batire langa musaliyandikize zachilendo."

Ndawazindikira. Awa ndi a gulu la wadazi uja. Kulikonse padziko alipo anthu oopa tsogolo, sindikukhumudwa.

Zofunika:
– thabwa la chikwangwani
– utoto wobiriwira
– kulambula bwalo loimikapo magalimoto
– malaya a kolala

Lachitatu

Chikwangwani chakwera! MAGALIMOTO A MAGETSI: TCHAJANI PANO. Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndichione bwino, ndipo misozi ikulengeza. Dzanja langa lomweli!

Kutsidya kwa msewu kuli Che Dausi, ometa tsitsi, amene nawonso amatchaja mafoni ndi kasola kawo kakang'ono. Amenewa ndiye China wanga. Akufuula lumo lili m'manja: "Achimwene, magalimotowo abwera pa bwato?" Wometedwa akuseka mpaka amutema khutu. Asekeni lero.

A Mulewa, mkulu wa asodzi a m'zimbowera, kasitomala wanga wakalekale, akuwerenga chikwangwani pang'onopang'ono. "Zabwino zimenezo. Bola mafoni athu azidzaza." Ndikuwatsimikizira ndi dzanja pachifuwa.

Madzulo ndikupeza amayi ena ayanika matemba pabwalo langa la magalimoto. Akuti malo ake ndi osesa bwino.

Lachinayi

Zodutsa lero: minibasi ya ku Zomba, njinga za kabaza, ngolo, mbuzi. Zamagetsi palibe.

Kunja kwayamba chiperoni. Mitambo yatsika, phiri la Chisi silikuoneka, sola ikungonyowa. Amake Tadala akuti nyengo ngati ino batire limafunika kulisunga ngati mchere. Ine sindikumva zimenezo, chifukwa alamu aimba foni: kuli mayi wina, mlangizi wa bungwe lina, akuyendera minda ya mpunga pa njinga yamoto yamagetsi yongoyesa. Amuuza za siteshoni yanga. Afika mawa!

Ndasita malaya a kolala.

Lachisanu

Yabwera! Mayo ine, yabwera! Palibe amene waimva. Tangoona fumbi, kenako ili pakhomo, zii. Nkhuku zomwe sizinathawe. Kachulu yense wasonkhana: ogula nsomba, akabaza, Che Dausi ndi munthu wometedwa theka. Wina akugwada kufunafuna paipi ya utsi. Palibe! Ndikuigwira: yozizira, yosalala. Munthu analenga ichi ndi mutu ngati wangawu? Ndikuchita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi.

Mayiyo akuyang'ana tebulo langa mokayika. "Bambo, mphamvu zanuzi zikwanira? Tchaja yake imakoka kwambiri." Ndikuyankha kuti pano ndi pa siteshoni. Anthu akuwomba m'manja.

Patebulo pali mafoni a gulu lonse la a Mulewa, amene abwerera panyanja mawa m'mawa. Ndikuwazula onse. Adikire pang'ono, tsogolo lidye kaye. Ndikulumikiza njinga. Kanyali kobiriwira kayaka! Ndikuvula chipewa.

Inveta yayamba kulira, tiii, tiii. Ndikupempha wakabaza wina akweze wailesi yake. Kenako fungo ngati la pulasitiki pamoto. Kenako phu! Utsi, pa siteshoni ya magalimoto opanda utsi.

Mayiyo akuyang'ana njinga yake. Akuti mulingo wa batire lake uli pomwe unali.

Loweruka

Njinga inapita ku Zomba dzulo madzulo, itagonekedwa m'minibasi pamwamba pa matumba a matemba. Ngakhale chogona, kukongola kwake! Ndinaiperekeza ndi maso mpaka pokhota.

Zotsala:
– inveta: yapsa
– batire: lakomoka, ndipo amene amadziwa mawaya akuti mwina silidzukanso
– dzuwa: kulibe
– mafoni a asodzi: onse akuda bii

A Mulewa afika bwato litapakira kale. Akuyatsa foni yawo, siikuyaka. Ya mnzawo, chimodzimodzi. Ndikanakonda akanandikalipira. Akungoti: "Kuchimbowera foni ndiye tochi, ndiye wailesi, ndiye njira yomvera za kumudzi. Mkazi wanga ali woyembekezera pa Chisi. Munatiuza dzanja lili pachifuwa." Akusonkhanitsa mafoni onse m'chipewa, kuwoloka msewu, kukalowa kwa Che Dausi. Gulu lonse pambuyo pawo. Bwato lichedwa mpaka masana, mphepo itayamba kale panyanja, chifukwa cha ine. Manyazi andigwira, mtima ukuwawa kwenikweni.

Kasola ka Che Dausi kamene ndinkakanyoza kaja, batire lake ndi lodzaza. Silinadyetsepo njinga.

Mwini masheya wamkulu akupeta mpunga tsiku lonse. Madzulo akungoti: "Mpunga wa chaka chino ndi wodya." Msonkhano watha.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni mwaulemu wopitirira. Mkulu wa mpingo akundifunsa ngati ndimatchajanso ndege.

Chikwangwani chatsika. Amake Tadala atseka nacho khola la abakha, malemba kuloza mkati. Bwalo la magalimoto ladzaza matemba, ndipo sindikuthamangitsa aliyense.

Alamu atumiza vidiyo yatsopano ya azungu aja, koma foni yanga yazima ndisanaitsegule. Kenako ndavala malaya wamba, ndawoloka msewu.

Che Dausi sakuseka, ndipo zimenezo zikuwawa kuposa. "Khalani pabenchi, achimwene, pali mzere." Ndikukhala. Tebulo lawo ladzaza mafoni, ena ali pawindo, ena pampando wometera, zingwe piringupiringu. Ambiri ndikuwadziwa ndi maso: wa ming'alu uja, womanga ndi mphira uja. Anali anga onsewa.

Mayi wofatsa wa muvidiyo uja, nzeru zake! Ali kutali kutsidya kwa nyanja zamchere, Kachulu sanapondepo, koma ananena zoona zokhazokha. Chuma chilidi pa malo otchajira. Ndikuchiona ndi maso angawa, kwa Che Dausi.