Malata Oyera a Bambo Kadammanja

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere, ndipo mwini nkhaniyo ndinkamudziwa.

Kumalire a mzinda kunali a Kadammanja, bambo wamatama, amene anamanga nyumba za lendi m'dambo momwe akuluakulu a mzinda analetsa kumangamo. Malata a nyumbazo anali ofiira ndi dzimbiri, ndipo mvula ikagwa alendi ankagona atatchera mabeseni.

Tsiku lina masana kunafika Mayi Nyirongo, wofufuza wa kuyunivesite, atabereka kamakina kumsana. Ankakalozetsa pamsewu, pasimenti ndi pamadenga, kuyeza mmene chinthu chilichonse chimabwezera kuwala kwa dzuwa. Anati miyezoyo imathandiza kuzindikira zinthu pa zithunzi zomwe setilaiti imajambula kumwamba. A Kadammanja anachita kuwagwirira okha makwerero.

"Nanga madenga angawa akuoneka bwanji kumwambako?" anafunsa akumwetulira.

"Saoneka n'komwe, bambo. Dzimbirili likubweza kuwala ngati dothi la katondo. Pachithunzi pano ndi pamtetete."

Mawuwo anawalasa mumtima. Iwo, eni nyumba zonsezi, kumwamba n'kumawayesa dothi! Akazi awo anawanong'oneza kuti kwa munthu womanga poletsedwa, kusaoneka ndi mwayi, koma anayankhidwa kuti sayansi si ya kukhitchini. Mabowo odontha aja a Kadammanja sanawamate. Anagula penti yoyera mbee n'kupaka denga lililonse, ndi la chimbudzi lomwe.

Mayi Nyirongo atabweranso, makina anaonetsa kuti malatawo akuwala kuposa a masitolo a m'tauni. A Kadammanja anavina padenga pomwepo. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali la phwando, iwo akulengeza kuti tsopano dziko lonse likuwaona.

Ankaonekadi. Zithunzi zatsopano zitafika ku ofesi ya mapu a mzinda, kalaliki amene kwa zaka zambiri ankaona dambo lopanda kanthu anapeza mizere ya madenga ikuthobwa m'maso. Sanachite kuvala magalasi.

Loweruka lina, gule ali pakati, katapila wogumula nyumba anaima pamsewu, ndipo amuna ovala zipewa zolimba anayamba kulemba mitanda yofiira pamakoma. Alendi anathamangira kukatulutsa katundu. A Kadammanja anatsala chilili, mwendo umodzi udakali m'mwamba. Wokazinga kanyenya paphwandopo, munthu amene wakokera mbuzi zambiri kokaphedwa, anaphula chiwaya chake napukusa mutu nati:

"Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."