Foni ya apongozi sadula

Mpaka lero ndikugulitsabe tomato pa Mitundu, ndiye mwadziwiratu mmene nkhaniyi inathera.

Apongozi anga aamuna, a ku Nathenje, anandipezera mwayi wa ukalaliki pa esiteti ina ya fodya. Bwana wake anati adzandiyimbira Lachiwiri teni koloko, ndipo mafunso onse adzakhala m'Chingerezi. Sabata yathunthu ndinkaloweza Chingerezi cha pafoni: mouzira munthu kuti adikire kaye, kuti akweze mawu, kuti ndimuyimbiranso. Ndinkayeserera pa mkazi wanga (iye ankangoti "yesi" uku akutong'ola chimanga).

Tsikulo ndinavala jekete ndi chipewa, ngakhale foni ilibe maso, n'kukwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe netiweki imagwira. Kutatsala mphindi zisanu, foni inalira. Apongozi.

Ndinavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Chisomo?"

"Tadzuka bwino, kaya inu bambo?"

"Ife tadzuka. Nanga ana? Chifuwa chija chinatha?"

Titamaliza ana tinalowa mbuzi. Tili pa mbuzi yachiwiri, ndinamva tii, tii m'khutu. Kuyang'ana, nambala yachilendo. Bwana!

Abale inu, mawu ouzira munthu kuti adikire ndinali nawo, Chingerezi chosalala bwino. Koma ndani mwa inu anadulapo foni ya munthu amene anamupatsa mkazi? Ndinangoti, "Eya bambo, zoona bambo."

Mkazi wanga anafika m'munsi mwa chulu. "Dulanitu inu!"

"Ndi bambo anu," ndinanong'ona.

Anabwerera ku chimanga chake.

Bwana anayimba kachiwiri tili pa mvula ya ku Nkhoma. Kachitatu tinali pa maliro a munthu amene sindinamuonepo. Kenako zii.

"Chabwino," anatero apongozi pomaliza, "ine ndimangofuna kukukumbutsani kuti bwana uja ayimba teni koloko. Foni ikhale pafupi, musamachezerepo ndi anthu. Mwayi subwera kawiri."

"Zikomo bambo, mwachita bwino kundikumbutsa."

Nambala ija ndinaiyimba kasanu. Ankayankha ndi mayi wa m'foni uja, kundiuza m'Chingerezi kuti ndiyesenso nthawi ina. Ndinamva liwu lililonse, ndipo zinandiwawa.

Ntchito anapatsa wina. Apongozi amauza anthu ku Nathenje kuti mkamwini wawo ndi waulemu, kungoti Chingerezi chinamukanika. Sindinawatsutsepo. Akayimba, ndimavulabe chipewa.