Tsiku limene apongozi anandidikira pa eyapoti

Kunyumba kwathu ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, nkhani ya ndeke sitiitchula apongozi akakhalapo. Ine ndiye ndinalakwa, ndipo ndatopa nako kudziteteza.

Mayi a mkazi wanga amakhala cha ku Mfuwe. Zaka zonsezi amabwera pa basi: akaimba mmawa kuti akwera, timakawatenga ku Lusaka dzuwa litapendeka. Chaka chatha miyendo inayamba kuwavuta, mlamu wanga n'kuwagulira tikiti ya ndeke.

"Imwe, ni ola imodzi chabe na mamineti," anatero mkazi wanga Lachisanu la ulendowo. "Muyambepo manje."

"Mfuwe na Lusaka? Mtunda wonse uja?" ndinaseka. "Awo amakamba chabe kuti bantu bagule matikiti."

(Ndeke sindinakwerepo. Ndimangoiona m'mwamba, ndipo imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono.)

Apongozi ataimba kuti akulowa m'ndeke, ndinabwereka galimoto ya mnzanga. Koma m'malo molowera ku Lusaka ndinakhotera kumtsinje ku Chanyanya kukagula nsomba. Ndinati mkamwini wanzeru salandira apongozi ndi kabichi. Msewu wake ndi wa maenje, bwato la msodzi wanga linali lisanakocheze, ndiye ndinakhala pamthunzi n'kumadikira.

Ndili mkati mosankha nsomba, foni inalira.

"Bambo, tafika," anatero apongozi. "Muli mbali iti? Sindikukuonani."

"Mwafika kuti, amayi?"

"Ku Lusaka, nanga kuti?"

Ndinayang'ana mtsinje, ndinayang'ana nsomba ili m'manja. "Ndili pafupi," ndinatero.

Nsomba ndinaziponya pampando wakumbuyo m'pepala, popanda ayezi. Pa Shimabala ndinapeza malole atandandana ngati akupita ku maliro. Ku Lusaka jamu ya magalimoto inandigwira pakati pa tauni, dzuwa likuswa mtengo, fungo litayamba kudzaza galimoto. Apongozi anaimba katatu. Katatu konse ndinali pafupi. Kachinayi anaimba ndi mkazi wanga, ndipo zimene ananena sindizilemba.

Ndinafika patatha maola anayi. Ndinawapeza atakhala pa chikwama chawo panja, miyendo yotupa ataiwongola, akucheza ndi mlonda. Ndinagwada pa simenti yotentha, anthu akuona.

Sanakalipe. Analowa m'galimoto, ananunkhiza, n'kutsegula windo.

"Kuchoka ku Mfuwe sindinamalize n'komwe tiyi amene anandipatsa," anatero titadutsa pageti. "Kodi Kafue munamusamutsira ku Tanzania?"

"Ni majamu, amayi."

"Majamu ake akununkha nsomba."

Pamapeto pake tinafika kunyumba. Nsomba zija ngakhale galu wa aneba anazikana, ndipo nshima tinadyera mazira.

Mwezi wamawa akubweranso. Mkazi wanga wanena kuti ndikagone kwa mchimwene wanga ku Lusaka kutatsala tsiku, ndipo sindinatsutse. Koma kunena zoona, mpaka lero mtima wanga sukuvomereza. Mtunda wonse uja, ola limodzi?